Mazenera a m'wodi ya ana

Yamikani, Esinati ndi iwe Pilirani, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinakalambira ku labu ndikutsuka timabotolo ta makhololo, pamene anzanga amene ndinayamba nawo ntchito anakhala m'mawodi moyera, ena mpaka kuphunzira kupima ana pa sikelo. Ndinkangoyankha kuti ndi mmene zinakhalira. Tsopano ndapuma, miyendo yayamba kutupa, ndiye ndati ndilembe m'kope ili kuti mudziwerengere nokha. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, choncho pamene ndalakwitsa mukonze mumtima. Za ubwana wanga ku Dedza ndazidumpha, kunalibe china koma kukumba kachewere.

Chaka choyamba cha ntchito, Malichi

Ku Kasungu tinabwera pa lole ya esiteti, ine ndi bambo anu, kudzakhala matenanti a fodya cha kufupi ndi Santhe. Tinalimako nyengo ziwiri. Amene sanakhalepo tenanti sangamvetse, ndiye ndingonena kuti nyumba si yako, munda si wako, ngakhale Lamulungu si lako fodya akakhwima, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti kapitawo amayenda khomo ndi khomo kufunsa amene akulembetsanso. Ukalembetsa basi wamangika chaka china. Bambo anu ankati mmodzi wa ife akangopeza chogwira chokhazikika iwo sadzalembetsanso, adzakakhala pansi pa mtengo pamsika n'kumakonza njinga, chifukwa luso limenelo anali nalo. Koma chogwiracho sichinkaoneka.

Iwe Yamikani unali ndi miyezi isanu ndi iwiri pamene ndinapita nawe ku sikelo ku chipatala cha mishoni chija, n'kupeza milu ya mchenga ndi njerwa pabwalo, amayi akutungira amisiri madzi. Anati akukonzanso wodi ya ana, ikatha ayamba labu ndi wodi ya odwala chifuwa chachikulu. Ndinapempha ganyu yotunga madzi, anandilola. Ndinatunga masabata atatu, iwe kumsana, ndowa pamutu, kuchokera pamjigo kukathira m'madiramu. Pobwerera ndinkaona fumbi la simenti litadzaza pakhonde la holo imene anasamutsiramo ana odwala, mphepo ikulikankhira pansi pa chitseko, ndiye tsiku lina ndinathyola masamba n'kusesa. Ndinasesa masiku anayi. Lachisanu lake ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Imwe mama wa mwana kumsana! Wakutumani ndani kusesa pakhonde langa?"

Anali a Sisita Nyirenda, amene ankayang'anira mawodi onse, mayi wamfupi wa ku Mzimba, wa wotchi yolendewera pachifuwa, amene anamwino akamva nsapato zawo ankabisa chimene akudya. Ine ndinagwada ndi tsache langa lomwe.

"Palibe, a Sisita. Fumbi limalowa kwa ana."

"Mumawerenga?"

"Pang'ono."

Analoza chikwangwani cha pakhoma. Ndinawerenga: osalavula pansi.

"Basi, sukulu yakwana. Ndikufuna wokolopa. Muyamba Epulo, ndikuyesani mpaka Ogasiti. Mukachita bwino kalata ya ntchito ituluka. Mukandilakwira kamodzi kokha, yayi, mubwerera ku mikangala yanu."

Mikangala ndi timitengo tija timapachikirapo fodya m'chigafa. Ndinathamanga njira yonse kukauza bambo anu. Iwo anawerenga miyezi ndi zala, n'kupeza kuti kalatayo ndi kapitawo adzafika mwezi umodzi.

Epulo ndi Meyi

Amene anandiphunzitsa ntchito ndi Anaphiri, mayi wamasiye amene anali atakolopa pamenepo kuyambira ine ndili wakhanda. Ankalera zidzukulu zitatu, ankafwenkha fodya kuseri kwa thanki, ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera. Anandionetsa kudula bulangete lakutha kukhala chikolopa, kumanga mapepala a shuga m'manja magolovesi akatha, ndi kugawa sopo mmodzi kuti afike Loweruka. Zosowa zinali zambiri. Mankhwala ophera tizilombo pansi ankabwera mwezi uno, mwezi winawo osabwera, ndipo masiku amenewo tinkawiritsa madzi n'kumathira otentha. Anaphiri ankati, "Nambewe, ntchito ino maso akhale anayi, pakamwa theka. Ine pakamwa ndinalephera, iwe yesa."

Wodi yakale ndinailowa asanagwetse mkati mwake. Makoma okhuthala, timazenera titatu tating'ono kumtunda, siling'i yodontha ndowe za mileme, ndipo ngakhale inali yopanda anthu fungo la mikodzo ndi chifuwa linali likadali m'makoma. Anaphiri anati chikuku chikalowa mmenemo chinkayenda bedi ndi bedi ngati wokhometsa msonkho. Choncho palibe amene anailira.

Wojambula pulani ya wodi yatsopano anali a Mataka, bambo wa ku Lilongwe, wamtali, wolankhula mofatsa, wa mapepala aakulu okulunga ngati mkeka. Ankabwera sabata ino, sabata yamawa ayi, ndipo nthawi zonse ankafika dzuwa lili pamutu n'kubwerera lisanapendeke, chifukwa msewu unali woipa. Ndinkawaona ndikukolopa. Ankayeza chilichonse ndi tepi, kutalika kwa bedi, mpata wapakati pa mabedi, kukula kwa chitseko kuti machira azidutsa. Anafunsa adokotala, anafunsa a Sisita, anafunsa a Gondwe a ku labu za komwe akufuna sinki ndi tebulo la makina oyezera. Ife okolopa ankatipatsa moni wabwino ndithu n'kutipempha kuti tisunthe ndowa.

Tsiku lina anasonkhanitsa ogwira ntchito onse pansi pa mtengo wa keshya n'kufotokoza za mazenera. Anati matenda a chifuwa amakonda chipinda chotseka, mpweya woipa ukakhala osatuluka mwana wobwera ndi malungo amapita kwawo ndi chifuwa chachikulu, ndiye iwo aboola makoma onse awiri, mazenera aakulu oyang'anizana, kuyambira m'chiuno mwa munthu kukwera, kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Anali mazenera aja a magalasi opingasa, otsegula ndi kachitsulo kam'mbali. Tonse tinawomba m'manja. Kunali kutentha tsiku limenelo, aliyense thukuta lili kamukamu, ndipo mphepo inamveka ngati mphatso. Anaphiri okha anandinong'oneza, "Bamboyu Juni wa kuno anamuonapo?"

Juni

Wodi inatsegulidwa sabata yoyamba ya Juni. Inali yokongola, zimenezo sindingakane. Pansi posalala mokolopa mosavuta, makoma oyera kumtunda obiriwira kumunsi, kuwala mpaka pansi pa mabedi, fungo lija kulibe. Popeza a Sisita ankadziwa khalidwe la amayi, anauza kalipentala kuti amange tizitsulo ta mazenera onse ndi waya, atatsegula, kuti wina asatseke. Analengeza kuti mazenera ndi mankhwala, ndipo wogwira zenera wagwira diripi.

Sabata yachiwiri mwera unayamba. Inu mwakulira m'nyumba ya malata ndi majuzi, koma mukuidziwa mphepo ya kuno, yodutsa m'minda imene fodya wazulidwa, popanda mtengo woitchinga, youma, yosweka nayo milomo. Sabata yomweyo iwe Yamikani unayamba kutentha thupi, kenako kupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, ndipo adokotala anati ndi chibayo, ugonekedwe. Mabedi apakati anali odzaza. Unapatsidwa bedi lachitatu kumbali yochokera mphepo, zenera lili pamutu pako penipeni, chifukwa m'chiuno mwa a Mataka ndi pamene pankafika matiresi. A Sisita anandilola kuti masana ndizigwira ntchito, ndikaweruka ndizikhala gadiyani wako, kugona pansi pafupi ndi bedi ngati amayi ena onse.

Ndinakufunditsa zitenje zanga zonse ziwiri ndi bulangete la chipatala, koma mphepo inkakweza ngodya ya bulangete, ndipo ndikakugwira mphuno inali yozizira ngati mwala wa kumtsinje, chifuwa chikutentha, ndiye ine ndinkangowerenga mpweya wako, kuyang'ana zenera, kuyang'ana iwe, kuyang'ana waya uja. Zimene ananena a Mataka pansi pa keshya ndinkazikumbukira bwinobwino, sindinganame kuti sindinkadziwa. Tsiku lachiwiri poweruka ndinadutsira kuseri kwa chipinda cha mankhwala, ndinatola makatoni awiri a madiripi, ndinawadula ndi mpeni wa kukhitchini, dzuwa litalowa ndinawalowetsa pakati pa magalasi. Mphepo inaleka. Unagona. M'mawa kusanayere bwino ndinawachotsa n'kuwabisa pansi pa matiresi.

Chimene sindinaganize n'chakuti m'wodi mulibe chobisika. Mayi wa bedi lachinayi anaona, anapempha katoni imodzi. Wa bedi lachiwiri anatsekera ndi thumba la feteleza. Pofika tsiku lachinayi mbali yonse inali yotsekedwa ndi makatoni, masaka, matewera ndi malaya a amuna awo, ena anayambanso mbali inayo, ndipo iwo analibe chifukwa chochotsera m'mawa monga ine. Tsiku lachisanu ndinamva nsapato za a Sisita pakhonde nthawi isanakwane, ndinakoka katoni yanga mwaphuma, magalasi awiri anathyoka. Ndinakulunga zidutswa m'chitenje, ndinatulukira khomo la kuzimbudzi, ndinakataya kudzenje. Pobwerera ndinapeza a Sisita ataima pakati pa wodi, manja m'chiuno, mpweya uli wolemera ngati wa wodi yakale.

Anafunsa amayi kuti wayambitsa ndani. Amayi onse anayang'ana ana awo. Ndiye anatembenukira kwa amene anali pa ntchito ya usiku sabata imeneyo, Anaphiri.

"Mama, inu munali kuti pamene wodi yanga imasanduka khola la nkhunda?"

"Ndinali momwemo, a Sisita."

"Simunaone?"

"Maso akalamba."

"Magalasi awiri athyoka, wodi sinathe ndi mwezi womwe. Wathyola ndani?"

"Kapena mphepo yanu yomweyi."

Amayi ena anaseka m'zitenje, ndipo kusekako ndi kumene kunaipitsa zinthu. A Sisita anati alemba lipoti, komiti ya chipatala ikumana tsiku limene a Mataka abwere kudzayendera ntchito, ndipo Anaphiri akonzekere kukapuma kwawo. Ine ndinali nditaima pakhomo ndi chikolopa. Ndinayamba kukolopa.

Masana ake tinakumana pamjigo. Ndinayamba kulira, iwo anandikalipira.

"Pukuta mamina apo. Ukufuna aliyense adziwe? Ndinakuona tsiku loyamba lomwe, umadula katoni ngati ukuba nkhuku."

"Ndikanena, Anaphiri."

"Ukanena chiyani? Iwe uli pa mayeso, akuthamangitsa lero lomwe. Ine ndakolopa pano asanabadwe ena mwa anamwinowa, angokalipa basi. Popa madzi."

Ndinapopa madzi. Ndinafuna kuwakhulupirira, ndiye ndinawakhulupirira. Kalipentala anachotsa zotsekera zonse, anakhoma pulanga pamene panathyoka, ndipo pulangalo ndi limene linakutchingira mphepo mpaka unachira n'kutuluka. Ndinakhala chete masiku khumi ndi limodzi. Ndalemba nambalayi kuti muidziwe, chifukwa mumandiyesa munthu wolimba mtima.

Julayi, sabata yoyamba

Kutatsala tsiku limodzi kuti a Mataka abwere, ndinkakolopa mu ofesi ya a Sisita, ndipo patebulo panali kalata yotayipa. Chizungu sindichidziwa, koma dzina la Anaphiri ndinaliwerenga, ndi tsiku la kumapeto kwa mwezi. Ndinafunsa mlembi wa mu ofesi, iye anati, "Agogo aja basi, apita." Kunyumba ndinauza bambo anu zonse. Anakhala nthawi yaitali akupala sipoko ya njinga ndi mpeni, kenako anati, "Ogasiti ali pafupi, amake Yamikani." Sananene kuti ndikhale chete, sananenenso kuti ndikanene. Anangobwereza kuti Ogasiti ali pafupi.

A Mataka anafika m'mawa tsiku limenelo, koyamba, chifukwa cha msonkhano wa komiti. Anali atavala jekete. Analowa m'wodi ndi a Sisita, adokotala, a Gondwe ndi abusa amene anali wapampando wa komiti, ndipo Anaphiri anaitanidwa kuti aime pamenepo. Ine ndinali kumapeto kwa wodi ndi ndowa yanga. A Mataka anaima pa pulanga lija n'kuligogoda ndi chala.

"Apa panachitika chiyani?"

"Umbuli, bwana," anatero a Sisita. "Amayi anatseka mazenera onse, wantchito wathu akuyang'ana. Nkhani yake tikaimaliza ku komiti."

Sindikumbukira kuyenda kuchokera kumapeto kwa wodi. Ndimangokumbukira kuti ndinali nditagwada pakati pawo, chikolopa chikudontha pa nsapato za abusa, mawu akutuluka okha osapuma, kuti ndine, ndine ndinayamba, mwana wanga anagona bedi ili, makatoni ndinatola kuseri kwa mankhwala, magalasi ndinathyola ndine ndi manja awa, zidutswa zili kudzenje mukafuna ndikakumba, Anaphiri sanagwire zenera ngakhale limodzi. Anaphiri anati, "Chitsiru cha mwana," mokweza ndithu. A Sisita sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Dzukani, mukatenge zinthu zanu."

Ndinadzuka. A Mataka ndi amene anandiimitsa.

"Mayi, dikirani. Munalipo tsiku lija ndinkafotokoza za mpweya?"

"Ndinalipo, bambo."

"Simunamve?"

"Ndinamva zonse."

"Nanga munatsekeranji?"

Ntchito inali itatha kale, ndiye mantha analibenso chogwira. Ndinati, "Bambo, khalani pansi apa." Ndinaloza pansi, pambali pa bedi lachinayi, pamene zenera linali lotsegula. Abusa anatsokomola. A Sisita anati, "Mama, mwapenga?" Koma a Mataka anapereka mapepala awo kwa a Gondwe, anakoka thalauza m'maondo, anakhala pa simenti, mutu wawo n'kulingana ndi wa mwana amene anali pabedipo. Mwera unali utadzuka bwino m'mawa umenewo. Tayi yawo inauluka n'kugwera paphewa. Anakhala choncho mwina mphindi ziwiri, amayi akusuzumira, mpaka mayi wa bedi limenelo anati, "Abwana, tikubwerekeni chitenje?" Anthu anaseka, iwonso anaseka pang'ono, koma sanadzuke.

"Mpweya uyenera kuyenda, mayi," anatero ali pansi pomwepo. "Pamenepo sindisintha. Mukatseka, ana awa apatsirana matenda oposa amene abwera nawo."

"N'zoona, bambo. Tsiku lija titatseka monse munanunkha ngati kale."

"Ndiye mukanakhala inu mukanatani?"

Palibe munthu wa jekete amene anali atandifunsapo funso lotero. Ndinayang'ana panja pofuna pothawira maso, ndipo kuseri kwa mpanda wa chipatala kunali chigafa cha munthu wina, chopanda fodya nyengo imeneyo. Ndiye ndinanena za chimene ndinkachidziwa. Ndinati fodya naye amafuna mphepo, ukamutsekera amachita chuku n'kuwola, koma mphepo ikamuwomba mwachindunji amauma msanga n'kumafumbutuka, ndiye mbali yochokera mphepo timamangira udzu kumunsi, kumtunda pansi pa denga timasiya mpata, chinyezi chimakwera chokha n'kutulukira kumeneko, masamba osagwedezeka. Ndinati amayi sangasiye kutseka zenera limene lili pamutu pa mwana, ngakhale mumange ndi unyolo, koma chimene sachifikira ndi dzanja, ndiponso sichikuwawomba, sachigwira.

"Mwana si fodya," anatero a Sisita.

"Ayi, si fodya," anayankha a Mataka akudzuka n'kudzikuntha kumbuyo. Anapita pazenera n'kuyang'ana chigafa chija nthawi yaitali. Kenako anatenga mapepala awo kwa a Gondwe, anawatambasula pa bedi lopanda munthu, anatulutsa pensulo. Anafunsa a Gondwe ngati mazenera a labu afika kale, iwo anati ayi, makoma okha ndiwo atha. Anafunsa ine kuti amayi amagona mbali iti ya bedi, amaika kuti mbale ndi mitolo yawo, ndipo ndinawaonetsa. Anati pulani yawo inalibe malo a gadiyani ngakhale mmodzi, anawerenga mabedi okha. Ananena zimenezi kwa adokotala, osati kwa ine. Atatha anakulunga mapepala n'kupita ku komiti, ndipo ine a Sisita anandiuza kuti ndikadikire kunyumba mpaka adzandiitane.

Julayi mpaka Ogasiti

Ndinadikira masabata asanu ndi awiri. Ndinabwerera ku ntchito za pa esiteti, kuzula mapesi a fodya ndi kutentha. Anaphiri anabwera kamodzi Lamulungu ndi nthochi, anati kalata yawo yang'ambidwa, anandinenanso kuti chitsiru, anakunyamula iwe Yamikani n'kunena kuti wanenepa ngati mwana wa kapitawo. Za ine anati sakudziwa, a Sisita sakutchula dzina langa. Anati amisiri agumula mizere iwiri yapamwamba ya khoma la labu ndi la wodi ya chifuwa, akuikamo njerwa zoboola kuzungulira pansi pa denga, ndipo mazenera akwezedwa kufika m'khosi mwa munthu. Bambo anu sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Anangosiya kukamba za njinga. Kapitawo anayamba kuyenda m'makomo a kumunsi kwa dambo, ndipo tinkadziwa kuti kwathu afika Loweruka.

Lachinayi mlonda wa chipatala anabwera pa njinga kuti a Sisita akundifuna. Ndinawapeza akulemba, ndipo anandisiya chiimire mpaka anamaliza tsamba.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa alendo, mama."

"Pepani, a Sisita."

"Mwathyola katundu wa chipatala, mwabisa, mwasiya mayi wamkulu anyamule mlandu wanu masabata awiri. Bwana Mataka akuti muli ndi maso. Ine ndati maso alipo, koma m'wodi yanga simudzalowanso ndi ndowa. Ndikakhululuka inu, mawa gadiyani aliyense akhala wojambula mapulani."

Ndinati ndamva. Ndinayamba kutembenuka.

"Ndakuuzani kuti muzipita? A Gondwe akufuna munthu wotsuka ku labu yatsopano. Atatu akana, akuti sangagwire makhololo a anthu a chifuwa. Ine sindikukakamizani. Mukafuna, kalata ndi iyi, ya ntchito yokhazikika. Mukapanda kufuna, njira mukuidziwa."

Ndinafunsa funso limodzi lokha, ngati matendawo sindingakapatsire mwana kunyumba. Anati a Gondwe andiphunzitsa kudziteteza, ndipo anawonjeza, osaseka, kuti mpweya wa mmenemo ndi wanga womwe, ndikadwala ndidzadzifunse ndekha. Ndinasaina. A Sisita anandipatsa kalatayo.

A Gondwe anandilowetsa mu labu tsiku lomwelo. Munali musanalowe makina, munkanunkha penti. Anandionetsa masinki awiri, ina yosambira m'manja ina ya zonyansa, n'kundiuza kuti ndikadzasokoneza kamodzi adzandidula zala. Anandionetsa kazenera kolandirira makhololo, kamene a Mataka anakaika kuseri, kutali ndi mzere wa amayi a sikelo, ndi kakhonde kopanda makoma koti odwala azikhosomolera panja. Ndinaimika dzanja m'mwamba pafupi ndi njerwa zoboola zija, mphepo inkadutsa. Ndinalitsitsa pa tebulo, pepala silinkagwedezeka. Mmenemo ndinakhalamo mpaka tsiku lopuma, pansi pa mabwana asanu, ndipo chifuwa chachikulu sindinadwalepo. Wodi ya ana anaikonza patapita zaka zitatu, simenti itapezeka, ndipo zaka zitatu zimenezo a Sisita anamasula waya wa mbali ya mwera miyezi yozizira, osalengeza kwa aliyense. M'wodimo sanandilolenso mpaka anasamuka. A Mataka sindinawaonenso.

Tsiku la kalatalo ndinafika ku esiteti dzuwa likupendeka. Kapitawo anali atafulumira, sanadikire Loweruka. Ndinamupeza atakhala pa mpando wathu umodzi uja pakhomo, bambo anu atakhala pa chitsa, iwe Yamikani uli pamiyendo pawo, cholembera chili kale m'dzanja lawo. Onse awiri anandiyang'ana. Ndinali nditathamanga kuchokera pa mlatho, mpweya unali utandithera, ndiye ndinangotulutsa kalata m'chitenje n'kuwapatsa. Bambo anu anaitembenuza uku ndi uku, Chizungu nawonso sankachidziwa.

"Ya m'wodi?"

"Ya makhololo."

"Yokhazikika?"

"Yokhazikika."

Anayang'ana kalata, anayang'ana manja anga. Kenako anabweza cholembera kwa kapitawo n'kumupempha mwaulemu kuti anyamuke, mpandowo tikufuna kuumanga pa katundu.